Kugulitsa zodzoladzola pa okushoni ya pa intaneti osadya mpamba

Amene ayesapo kugulitsa zodzoladzola pa okushoni ya pa intaneti madandaulo awo sasiyana kwenikweni. Wina katundu wake wapita pa mtengo wolira, wosafika n'komwe pa ndalama imene anaodera. Wina malonda ake achotsedwa ndi eni tsamba okushoni ili pakati. Wina wagulitsa bwinobwino, koma phukusi lafika phoda ali zidutswazidutswa, perefyumu atanyowetsa katoni yonse, ndalama n'kubwezedwa.

Zonsezi zimachokera pa ntchito imene inafunika kugwiridwa okushoni isanayambe. Ikangoyamba, mtengo suli m'manja mwanu, uli m'manja mwa ogula, ndipo wogula amalimbirana chinthu chokhacho chimene sakuchikayikira. Nsapato munthu amatha kugula mwamwayi. Koma chodzola chimapita pakhungu, pamilomo, m'mphepete mwa diso, moti akangokayika pang'ono amadutsa osaikapo mtengo. Zitsanzo zambiri pano ndatengera ku eBay chifukwa ndi tsamba lodziwika kwambiri pa zamaokushoni, koma mfundo zake zimagwiranso ntchito kwina.

ZOFUNIKA KUKHALA NAZO

Foni ya kamera yojambula bwino zinthu zapafupi, chifukwa mudzafunika kujambula tizilembo ting'onoting'ono tapansi pa botolo.
Pepala lalikulu loyera kapena nsalu yoyera yosanyezimira.
Sikelo yaing'ono yopima magalamu, ndi tepi yoyezera kukula kwa katoni.
Makatoni ang'onoang'ono olimba, pulasitiki yokulungira ya timatuza tampweya, timatumba totseka pakamwa, thonje ndi selotepi.
Malisiti a komwe munagula katundu. Osawataya.
Akaunti ya pa tsamba la okushoni yotsimikizidwa kale, yolumikizidwa ku njira yolandirira ndalama.
Kope kapena fayilo yolembamo ndalama zolowa ndi zotuluka.
Malo ozizira bwino, amthunzi, osungirako katundu. Kubafa ayi, pawindo ayi.

SITEPE 1: PATULANI ZIMENE SIZIYENERA KUGULITSIDWA

Yalani katundu yense patebulo, muyambe ndi kuchotsa. Anthu amathamangira kujambula, pamene zina mwa zimene akujambulazo eni tsamba adzazichotsa.

Choyamba kuchoka ndi chilichonse chogwiritsidwapo ntchito. eBay salola zodzoladzola zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Lipisitiki amene wakhudza milomo ya munthu wina, mascara amene kaburashi kake kadutsa m'zikope za munthu wina, kirimu wa m'chitini amene munthu wapisamo chala, zonsezi zimatha kufalitsa tizilombo. Mawu akuti "ndinangoyesako kamodzi" sasintha kanthu. Kamodzi komweko ndi kugwiritsa ntchito.

Chachiwiri ndi matesita, aja amaikidwa m'sitolo kuti anthu azinunkhiza kapena kuyesera, komanso timasampulo tolembedwa kuti sitogulitsa. Mu 2011 khoti lalikulu la European Union, pa mlandu wa pakati pa kampani ya zodzoladzola ya L'Oréal ndi eBay, linagamula kuti matesita otere sali m'gulu la katundu amene kampani yamutulutsa kuti agulitsidwe. Linanenanso kuti kampani ikhoza kuletsa kugulitsa zodzola zake zimene zachotsedwa m'mabokosi mwake, ngati kuchotsako kwatayitsa uthenga wofunikira monga dzina la wopanga. eBay ili ndi ndondomeko yotchedwa VeRO, imene eni mayina a katundu amadzera pochotsetsa malonda ophwanya ufulu wawo. Akakuchotserani malonda kangapo, akaunti yomwe imakhala pangozi.

Chachitatu, ndipo apa musanyengerere, ndi mafuta oyeretsa khungu osadziwika bwino komwe achokera. Ambiri amapezeka ndi mercury, amene amawononga impso ndi minyewa, hydroquinone, amene saloledwa m'zodzola za pakhungu ku European Union, kapena mankhwala amphamvu a gulu la steroid monga clobetasol, amene amayenera kuperekedwa ndi dokotala. Mukaona mawu ngati calomel, mercurous chloride kapena mercuric pa botolo, chotsani. Botolo likakhala lopanda mndandanda wa zosakaniza, chotsaninso. Phindu lake limakopa, koma mukhala mukugulitsa matenda.

Chenjezo: malamulo a zodzoladzola amatsatira dziko limene katundu akupita. Mwachitsanzo, ku United States mafuta oteteza ku dzuwa amawerengedwa ngati mankhwala, pamene ku Ulaya ali m'gulu la zodzola. Ngati mukufuna kulandira ogula a maiko ena, onani kaye malamulo a kumeneko.

SITEPE 2: DZIWANI MSINKHU WA KATUNDU WANU

Tembenuzani botolo lililonse, mufufuze zinthu zitatu.

Kachizindikiro ka chitini chotsegula, kolembedwa 6M, 12M kapena 24M. Kameneka kakunena miyezi imene chodzolacho chimakhala chabwino chikatsegulidwa, osati kuchokera tsiku limene chinapangidwa. Ogulitsa ambiri amasokoneza pamenepa n'kulemba zabodza mosadziwa.

Tsiku lothera mphamvu. Malamulo a ku European Union amati chodzola chimene sichingakhale miyezi yoposa 30 chilembedwe tsiku, nthawi zina pambali pa kachithunzi ka galasi la mchenga loyezera nthawi. Chokhalitsa kuposa pamenepo ndiye chimakhala ndi kachitini kotsegula kaja. Choncho kusapezapo tsiku sikutanthauza kuti chinthucho sichikalamba.

Nambala ya batch, yomwe imadindidwa pansi pa botolo kapena m'mphepete mwa chubu. Imasonyeza gulu la katundu amene anapangidwira limodzi, ndipo kampani yopanga ikhoza kukuuzani nthawi imene anapangidwa mukaifunsa. Pa intaneti palinso masamba omasulira manambalawa, koma amaphonya nthawi zina, choncho musalumbire pa zimene akuuzani.

Kenako gwiritsani ntchito maso. Mafuta amene alekana, madzi pamwamba zolimba pansi, kapena perefyumu amene wada mtundu kuposa mmene amakhalira, ndi chizindikiro choti akhalitsa kapena anasungidwa pakutentha. Mafuta oteteza ku dzuwa otha mphamvu musagulitse ngakhale akuoneka bwino chotani, chifukwa munthu adzawadalira, dzuwa n'kumuwotcha.

SITEPE 3: TSIMIKIZANI KUTI NDI ORIJINO

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zodzola zafeki za masiku ano zimabwera m'bokosi lokongola kuposa mmene mungaganizire, ndipo mukagulitsa feki mosadziwa mlandu umakhala wanube. Yerekezani katundu wanu ndi zithunzi za pa tsamba la kampani yeniyeniyo: kalembedwe ka dzina, mtundu wa chivindikiro, dzina la kalala (mtundu wa chodzolacho), kulemera kolembedwa. Nambala ya batch ya pabokosi ifanane ndi ya pabotolo. Zikasiyana, kapena ina ikaoneka yofufutidwa, imani kaye. Mawu olembedwa molakwika pa mndandanda wa zosakaniza, chivindikiro chosakhala bwino, kampopi ka perefyumu kogwedezeka, zonsezi n'zokayikitsa.

Koma umboni weniweni ndi komwe munagula. Ngati munaoda kwa munthu amene anakupatsani katundu wa dzina lalikulu pa mtengo wotsika modabwitsa, wopanda lisiti, mwayi woti ndi orijino ndi wochepa. Wogula akadzadandaula kuti mwamugulitsa feki, chokupulumutsani ndi lisiti lochokera kwa wogulitsa wovomerezeka, osati kulumbira kwanu.

SITEPE 4: FUNSANI ZA KATUMIZIDWE MUSANAIKE MALONDA

Sitepe imeneyi ambiri amaiika kumapeto, ndipo ndi pamene amagwera. Ine ndinagwerapo. Ndinagulitsa botolo la perefyumu la 100 ml kwa munthu wakunja, iye n'kulipira tsiku lomwelo. Ndinalikulunga mwaluso, n'kupita nalo kwa otumiza katundu. Mayi wa pakauntala anangofunsa kuti, "Muli chiyani umu, bambo?" Nditayankha, anakankhira phukusilo kwa ine mwaulemu, n'kundilozera chipepala chapakhoma chimene ndinali ndisanachiwerengepo. Ndinabweza ndalama, ndipo wogulayo anasiya ndemanga yowawa imene inakhala pa akaunti yanga kwa nthawi yaitali.

Perefyumu ali ndi mowa wambiri, choncho pa malamulo a zamtengatenga amawerengedwa ngati madzi oyaka moto, ndipo nambala yake ndi UN1266. Zopopera za m'zitini za mpweya, monga za tsitsi ndi za m'khwapa, ndi UN1950. Penti ya zikhadabo ndi mankhwala ochotsera pentiyo nazonso zimayaka. Positi yopita kunja pa ndege kawirikawiri siilandira zinthu zimenezi. Makampani ena onyamula katundu amalandira, koma pa malamulo awoawo, ndi zomata zapadera komanso mtengo wokwera. Safunsa anadya phula: pitani kapena imbani foni, mutchule chinthucho ndi kuchuluka kwake, akuuzeni ngati angachinyamule ndiponso kukafika kuti. Ngati sizitheka kutumiza kunja, tsekani ogula akunja pa malonda amenewo. Kunamiza otumiza katundu polemba kuti m'phukusi muli "mphatso" kapena "sopo" ndi mlandu, ndipo phukusi likagwidwa simulipezanso.

Mukadziwa njira, pakirani katunduyo mongoyeserera, mupime kulemera kwake ali m'katoni, muyezenso katoniyo. Onyamula ambiri amalipiritsa potengera chimene chakula pakati pa kulemera kwenikweni ndi kukula kwa phukusi, moti katoni yaikulu yokhala ndi kalipisitiki kamodzi imadya ndalama pachabe.

SITEPE 5: ONANI NGATI KATUNDUYO NDI WA OKUSHONI, KENAKO WERENGANI MALIRE ANU

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, choncho tiyeni tikhalepo pang'ono.

Pa eBay wopikisana salemba mtengo kachidutswakachidutswa. Amalemba ndalama yapamwamba imene angalolere kulipira, ndipo kompyuta ndiyo imamukwezera pang'onopang'ono, pokhapokha wina akamupitirira. Wopambana amalipira mtengo wa amene wabwera pachiwiri, kuonjezapo kakwezedwe kamodzi. Tanthauzo lake ndi ili: ngati pabwera munthu mmodzi yekha, ngakhale anali wokonzeka kulipira 100, iye adzatenga katunduyo pa mtengo woyambira umene inu munaika. Kuti mtengo ukwere pamafunika anthu awiri kapena kuposerapo, olimbirana chinthu chimodzi, sabata yomweyo.

Ndiye dzifunseni: kodi chinthu changachi anthu awiri angachilimbirane? Mafuta odzola wamba amene aliyense angawapeze m'sitolo iliyonse sangalimbiranidwe. Amenewo agulitseni pa mtengo wokhazikika. Okushoni imakomera katundu wosowa: kalala ya lipisitiki imene kampani inasiya kupanga koma anthu akuifunabe, zotuluka kamodzi pa nyengo ya zikondwerero, perefyumu wa kapangidwe kakale wosatsegula, kapena mulu wa zinthu zingapo za kampani imodzi zoikidwa pamodzi.

Kuti mudziwe, lembani dzina la katunduyo pa malo ofufuzira, kenako sankhani kuona zimene zinagulidwa kale. Pa eBay pamalembedwa kuti Sold items. Musayang'ane mitengo imene anzanu akuitanira, chifukwa munthu akhoza kuitanira chilichonse. Yang'anani imene anthu analipiradi, kuti zinagulidwa kangati m'masabata apitawa, ndiponso kuti pa okushoni iliyonse panali opikisana angati. Mukaona zambiri zinatha ndi munthu mmodzi kapena popanda aliyense, yankho mwalipeza.

Tsopano masamu. Manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikemo anu. Munagula chinthu pa 40. Zopakirira zadya 2. Kutumiza ndi 8, ndipo wogula alipira payekha. Tiyerekeze kuti tsamba limadula 13 pa 100 iliyonse. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti eBay imadula pa ndalama yonse imene wogula walipira, kuphatikizapo yotumizira. Okushoni ikathera pa 45, mumasangalala kuti mwapindula 5. Koma wogula walipira 53, tsamba latengapo pafupifupi 7, kwatsala 46. Chotsani 8 yotumizira ndi 2 ya zopakirira, mwatsala ndi 36 pa chinthu chimene munagula 40. Mwadya mpamba muli kumwetulira. Pa chitsanzo chimenechi mpamba umabwerera okushoni ikafika pa 50, ndipo phindu limayambira pamwamba pa pamenepo. Nambala imeneyi ilembeni m'kope, pambali pa dzina la katundu aliyense.

SITEPE 6: JAMBULANI

Jambulani masana, pafupi ndi windo, pamalo posafika dzuwa lenileni. Zimitsani babu ndi fulashi. Kuwala kwa babu kumachititsa foundation (chodzola cha kumaso chofanana ndi mtundu wa khungu) kuoneka yachikasu, lipisitiki wofiira n'kuoneka ngati wa olenji, ndipo wogula akalandira mtundu wosiyana ndi wa pachithunzi amabweza katundu. Pepala loyera lija likuthandizani: ngati pachithunzi likuoneka loyeradi, mitundu inayo ili pafupi ndi yeniyeni. Zokometsera zithunzi za m'foni musaziyandikire.

eBay imalola zithunzi mpaka 24, ndipo simukuyenera kudzaza zonse. Zosasoweka ndi izi: kutsogolo, kumbuyo komwe kuli zosakaniza, pansi pomwe pali nambala ya batch, chomata cha ku fakitale chosonyeza kuti sichinatsegulidwe, dzina kapena nambala ya kalala, ndi chilema chilichonse chimene chilipo. Ngati ngodya ya bokosi inaphwanyika, ijambuleni pafupi. Wogula amakhululukira chilema chimene anachiona asanagule.

Chenjezo: musamatule chomata kuti mujambule mkati, ndipo musapake pamkono kuti muonetse mtundu. Mukatero chinthucho chasanduka chogwiritsidwa ntchito. Musatengenso zithunzi za pa tsamba la kampani. Zili ndi eni ake, komanso wogula wochenjera akaona chithunzi cha kampani amadziwa kuti simukumuonetsa chimene chili m'manja mwanu.

SITEPE 7: LEMBANI MUTU NDI KUFOTOKOZA KWAKE

Mutu pa eBay sungapitirire zilembo 80, choncho mawu aliwonse agwire ntchito. Yambani ndi dzina la kampani, kenako dzina la katundu, kalala ndi nambala yake, kukula kwake mu ml kapena magalamu, ndi kuti ndi chatsopano chosatsegula. Mawu ngati "onani kuno" kapena "chokongola zedi" palibe amawafufuza. Pa perefyumu nenani ngati ndi eau de parfum kapena eau de toilette. Dzina limakhala limodzi, botolo lofanana, koma mphamvu ndi mitengo zimasiyana, ndipo kulakwitsa pamenepa kumabweretsa mkangano.

M'kufotokoza lembani zimene munapeza mu sitepe 2, mmene mwasungira katunduyo, chilema ngati chilipo, maiko amene mungatumizeko, ndi masiku amene mumatenga kuti mutumize. Dzazaninso timabokosi tonse timene tsamba limafunsa, monga mtundu ndi kukula, popeza ogula ambiri amasefa malonda pogwiritsa ntchito timeneto.

Zinthu ziwiri musalembe. Musanene kuti kirimu "amachiza" ziphuphu, zikanga kapena nthenda ina iliyonse. M'maiko ambiri mawu otero amasandutsa chodzola kukhala mankhwala pamaso pa lamulo. Musatchulenso dzina la kampani ina kuti mukope anthu, monga kulemba kuti perefyumu wanu "amanunkhira ngati" wa kampani yakutiyakuti. Malonda otero amachotsedwa.

SITEPE 8: KONZANI OKUSHONI YENIYENIYO

Mtengo woyambira. Mudzamva anthu akulangiza kuti muyambire pansi penipeni kuti mukope khamu. Zimagwiradi ntchito, koma pa katundu amene mwaona ndi maso anu mu sitepe 5 kuti amalimbiranidwa nthawi zonse. Pa china chilichonse, yambirani pa nambala ija munalemba m'kope. Kuli bwino okushoni ithe popanda wogula, mudzaikenso sabata yamawa, kusiyana n'kupereka katundu ngati mphatso.

Mtengo wobisika. Mukhoza kuika malire achinsinsi, oti akapanda kufikidwa katundu sagulitsidwa. Ine sindiwakonda pa zodzoladzola. eBay imalipiritsa kaya katundu wagulidwa kaya ayi, ndipo ogula ambiri akaona kuti malirewo sanafikidwe amagwa ulesi.

Masiku. Mungasankhe tsiku 1, masiku 3, 5, 7 kapena 10. Masiku 7 ndi abwino chifukwa amadutsa Loweruka ndi Lamlungu, nthawi imene anthu ali ndi mpata wofufuza.

Nthawi yothera. Okushoni imatha pa ola lomwe inayambira. Mukaiika usiku pakati chifukwa tulo sitikubwera, idzathanso usiku pakati ogula anu ali m'tulo. Ikonzeni kuti ithe madzulo, anthu ataweruka, potengera nthawi ya kumene ogula anu ambiri ali, osati ya kumene muli inuyo.

SITEPE 9: OKUSHONI ILI M'KATI

Yankhani mafunso tsiku lomwelo. Wina akapempha chithunzi china cha nambala ya batch, mujambulireni. Ameneyo ndi wogula weniweni.

Musade nkhawa mtengo ukakhala chiimire kwa masiku asanu. Ogula ozolowera amadikira masekondi omaliza kuti anzawo asapeze mpata wowapitirira. Chiwerengero cha amene akuyang'anira malonda anu chimakuuzani zambiri kuposa mtengo wa tsiku lachitatu.

Mayesero aakulu amabwera apa: kuuza mchemwali kapena mnzanu kuti aikepo mtengo kuti ukwere. Musachite. Masamba onse a okushoni amaletsa, m'maiko ambiri ndi mlandu wachinyengo, ndipo makompyuta awo amaona maakaunti olumikizana. Dziwaninso kuti munthu akangoikapo mtengo, zambiri za m'malonda anu simungazisinthenso, ndipo pa eBay kukatsala maola osakwana 12 simungathetse okushoniyo pokhapokha mutagulitsa kwa amene ali pamwamba. Wina akakulemberani kuti muthetse okushoni akulipireni kumbali, kanani. Kunja kwa tsamba kulibe wokutetezani.

SITEPE 10: LANDIRANI NDALAMA, PAKIRANI, TUMIZANI

Musatumize kanthu mpaka akaunti yanu yeniyeniyo itasonyeza kuti ndalama yalipidwa. Uthenga wa imelo kapena chithunzi chosonyeza kuti munthu walipira si umboni, akuba amapanga zotere tsiku ndi tsiku. Pa eBay wopambana akapanda kulipira pakatha masiku 4 mukhoza kuthetsa malondawo, n'kupereka mwayi kwa amene anabwera pachiwiri. Ngati akaunti yanu ndi yatsopano, musadabwe tsamba likasunga ndalama zanu mpaka katundu atafika. Khalani ndi ndalama yotumizira pambali.

Kapakiridwe kamatengera chinthu. Cha madzimadzi: limbitsani chivindikiro, chizungulizeni ndi selotepi, chiikeni m'kathumba kotseka, kenako kulungani. Selotepi asakhudze bokosi la kampani, chifukwa pomatula amang'amba ndi zilembo zomwe. Phoda wotsendera ndi zopaka m'zikope ndi zimene zimasweka kwambiri. Ngakhale kabokosi kake katakhala kopanda chomata, musakatsegule kuti muikemo thonje pa phoda penipenipo. Kulungani kabokosi konseko kawiri kapena katatu, mukaike pakati pa katoni, thonje kapena mapepala mbali zonse. Envulopu yofewa si ya phoda. Mukatseka katoni igwedezeni pafupi ndi khutu. Mukamva kanthu kakuyenda, tsegulani muonjezere zotsekera mipata. Lipisitiki ndi zina zokhala ndi phula zimasungunuka pakutentha, choncho nyengo yotentha tumizani kumayambiriro kwa sabata kuti phukusi lisagone m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamlungu.

Jambulani phukusi musanatseke ndi mutatseka. Tumizani ku adiresi imene ili pa oda yokha, ngakhale wogula atakupemphani kuti musinthe, ndipo gwiritsani ntchito njira yokhala ndi nambala yolondolera. Ilembeni nambalayo pa tsamba tsiku lomwelo.

SITEPE 11: WOGULA AKADANDAULA

Kulemba kuti "katundu sabwezedwa" kumakutetezani kwa amene wangosintha maganizo. Sikukutetezani ngati katundu wafika wosweka, ali feki, kapena wosiyana ndi mmene munafotokozera. Pa eBay wogula ali ndi masiku 30 oti adandaule zotere. Mupempheni zithunzi, muyankheni mofatsa, ndipo zokambirana zonse zichitikire pa tsamba pomwepo kuti pakhale umboni. Chodzola chimene chabwerera chitatsegulidwa musachiikenso pa malonda.

ZOLAKWIKA ZIMENE ZIMABWEREZEDWA KAWIRIKAWIRI

Kuika zinthu zofanana zisanu pa okushoni nthawi imodzi. Ogula asanu amene akanalimbirana chimodzi aliyense amatenga chake pa mtengo woyambira. Ikani chimodzi, chithe, kenako china.

Kusakaniza mulu mosaganizira. Foundation ya khungu loyera kwambiri ndi ya khungu lakuda mu mulu umodzi palibe munthu mmodzi angazigwiritse ntchito zonse, ndiye aliyense amangoikira mtengo chimodzi chimene akufunacho. Mulu ukhale wa munthu mmodzi amene mungamuone m'maganizo.

Kuoda katundu wambiri musanayese msika. Zodzoladzola zimakalamba zili pashelefu, ndipo kalala imene ikuvuta kupeza chaka chino kampani ikhoza kuitulutsanso chaka chamawa, mtengo wake n'kugwa tsiku limodzi. Akaunti zatsopano zimakhalanso ndi malire a kuchuluka kwa katundu amene zingagulitse pamwezi.

Kuyamba ndi katundu wodula pa akaunti yopanda ndemanga ngakhale imodzi. Palibe amene angapikisane pa perefyumu wamtengo wapatali kwa munthu wopanda mbiri. Yambani ndi tinthu tating'ono, mutumize msanga, ndemanga zabwino zichuluke kaye.

Kukweza ndalama yotumizira kuti mubise phindu. Ogula amawerengera zonse pamodzi, ndipo tsamba limadula ndithu pa ndalama imeneyo.

Kuthira perefyumu m'timabotolo ting'onoting'ono n'kumagulitsa pa dzina la kampani. Masamba ambiri salola, eni dzinalo amachotsetsa malonda otero, ndipo wogula alibe njira yodziwira chimene chili m'kati.

Kuiwala za msonkho. Mukamagula katundu n'cholinga chogulitsanso, imeneyo ndi bizinesi, ndipo m'maiko ambiri masamba a malonda tsopano amatumiza mbiri ya ogulitsa ku mabungwe otolera msonkho. Pa phukusi lopita kunja lembani mtengo weniweni pa fomu ya kasitomu, ngakhale wogula atakuchondererani kuti muuchepetse, chifukwa likatayika adzakulipirani potengera nambala imene munalembayo.